Amayi pa ntchito: kusankha pakati pa mlangizi, nkhoswe ndi gulu la anzanu

Mayi akakhala pa giledi imodzi zaka 6, pamene anzake amene anayamba nawo ntchito mwezi umodzi akwezedwa kawiri, aliyense amamuuza zofanana: pezani mlangizi. Malangizowo si olakwika, koma ndi operewera. Chimene chamuimitsa mayiyo chikhoza kukhala chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina pali mbali ya ntchito imene sakuidziwa bwino. Mwina ntchito amaidziwa, koma amene amasankha anthu sakumudziwa. Mwinanso zonsezo zili bwino, kungoti alibe munthu woti akhale naye pansi n'kumufunsa momasuka ngati malipiro amene akulandira ndi oyenera. Amenewa ndi matenda atatu, ndipo mankhwala a amodzi sachiza enawo.

Mlangizi amayankhula ndi inu. Amakuonetsani pamene mukulakwitsa, amakuuzani mmene zinthu zimayendera pamalopo. Koma palinso munthu wina amene amayankhula za inu, inuyo kulibe, pamene mabwana akhala pansi kukambirana woti apite ku maphunziro kapena woti agwirizire udindo. Munthu ameneyu timutchule nkhoswe, chifukwa ntchito yake ikufanana ndi ya ankhoswe pa ukwati: amaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti uyu ndikumudziwa, zikavuta mudzafunse ine.

Kusiyana kumeneku si kwapakamwa chabe. Mu 2010, Herminia Ibarra, Nancy Carter ndi Christine Silva analemba m'magazini ya Harvard Business Review zimene anapeza potsatira anthu amene anaphunzira MBA, digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi. Amayi anali ndi alangizi ndithu, osachepera abambo, koma amene ankakwezedwa kwambiri anali abambo. Chifukwa chake chinali choti alangizi a abambo anali a maudindo apamwamba ndipo ankawayankhulira, pamene amayi ankangolandira uphungu wochuluka. Kafukufukuyo anachitikira m'makampani akuluakulu akunja, koma aliyense amene waona mmene maina amatulukira m'maofesi a ku Capital Hill kapena m'mabanki a ku Blantyre azindikira nkhaniyo. Choncho njira iliyonse yopezera thandizo imene ili m'munsimu muiyese ndi funso ili: ikundipatsa wondilangiza, wondiyankhulira, kapena anzanga oyenda nawo?

Bungwe la anthu a ntchito yanu

Amayi ambiri ayenera kuyambira pano, chifukwa ndi mamembala kale ndipo amalipira chaka ndi chaka. Maakauntanti ali ndi ICAM, maloya ali ndi Malawi Law Society, mainjiniya ali ndi Malawi Engineering Institution, anamwino ndi azamba ali ndi NONM. Palinso mabungwe a amayi okhaokha, monga Women Lawyers Association, Women Doctors Association of Malawi, ndi AWOME ya amayi olemba ndi kuulutsa nkhani.

Mlangizi wopezeka m'bungwe lotere amaidziwa ntchito yanu mpaka kumizu, ndipo amaidziwa mmene imagwiridwira m'dziko lino. Loya wamkulu amadziwa mmene mafayilo amayendera ku khoti, akauntanti wamkulu amadziwa zimene a MRA amafunsa akabwera. Pa ntchito zina kuyang'aniridwa sikudalira kufuna kwanu. Wophunzira ACCA, maphunziro a uakauntanti, sakhala membala asanakwanitse miyezi 36 ya ntchito yotsimikiziridwa ndi woyang'anira woyenerera, ndipo injiniya wongomaliza kumene maphunziro amafunika kugwira ntchito pansi pa injiniya wolembetsedwa asanalembetsedwe payekha. Apa amayi ambiri amataya zaka. Amagwira ntchito bwino, koma salemba zimene achita, ndipo wowasainira akasamuka kapena akapuma, umboni wonse umapita naye. Lembani mwezi uliwonse, ndipo musainitse miyezi itatu iliyonse, osadikira kuti zaka zikwane.

Koma risiti ya umembala sibweretsa mlangizi. Taonani mmene zimakhalira pa msonkhano wa pachaka ku nyanja, ku Mangochi kapena ku Salima. Nthawi ya tiyi ikakwana, anthu amaima m'timagulu ta amene anaphunzira limodzi ku Poly kapena ku Chanco, kuseka ndi kukumbutsana zakale. Mayi wachitsikana amaima pafupi ndi khomo, kapu kudzanja limodzi, foni kudzanja linalo. Masiku atatu akatha amabwerera ndi maola a CPD (maphunziro owonjezera luso pa ntchito), chikwama cha msonkhano ndi zithunzi, koma palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene wagwira dzina lake. Ndalama zonse zimene kampani yamulipirira zapita m'madzi.

Zimenezi zimapeweka musananyamuke. Pezani ndondomeko ya msonkhano, musankhe anthu atatu okha amene ntchito yawo ili pamene inu mukufuna kukafika. Mvetserani zimene ayankhule, ndipo mukawapeza muwafunse funso limodzi lochokera pa zimene anenazo. Pasanathe masiku awiri mutabwerera, atumizireni imelo yaifupi yowakumbutsa funsolo. Mwa atatuwo, akayankha mmodzi mwapindula.

Njira yodalirika kuposa msonkhano ndi komiti. Mukakhala mu komiti ya bungwe, akuluakulu amakuonani mukugwira ntchito kwa miyezi, ndipo ulangizi umabadwa wokha. Koma sankhani komitiyo mosamala. Amayi amakankhiridwa ku zolandira alendo, zokongoletsa holo ndi kulemba maminitsi. Ntchito zimenezi ndi zolemetsa, koma palibe amene amakumbukiridwa nazo pa nthawi yosankha atsogoleri. Pemphani komiti ya zachuma, ya maphunziro kapena ya malamulo a ntchito yanu. Ngati maminitsi akugwerani, gwirizanani kuti azilembedwa mosinthana.

Zovuta zina ziwiri n'zofunika kuzidziwa. Choyamba, dziko ndi laling'ono. Mlangizi wanu mwina anakhala kalasi imodzi ndi bwana wanu, kapena amapemphera tchalitchi chimodzi. Musathamangire kukhuthula madandaulo onse a ku ofesi pa tsiku loyamba. Yambani ndi nkhani zoti ngakhale zitamveka sizingakupwetekeni, muone ngati munthuyo ali ndi chifuwa. Chachiwiri, m'ntchito monga uinjiniya amayi a maudindo apamwamba ndi ochepa, ndipo aliyense amathamangira kwa omwewo. Bungwe la amayi lidzakuthandizani kwambiri pa nkhani zimene abambo saziganizira, monga kubwerera ku ntchito mutabereka. Koma musalole kuti likuchotseni m'bungwe lalikulu, chifukwa kumeneko n'kumene maudindo amagawidwira. Ndipo ngati mumagwira ntchito ku Chitipa kapena ku Nsanje, zochitika zambiri zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho funsani kaye ngati zina zimachitika pa Zoom musanadalire njira imeneyi yokha.

Mapulogalamu okhala ndi ndondomeko yake

Awa ndi mapulogalamu amene mumachita kulembera, n'kusankhidwa, n'kupatsidwa mlangizi kwa nthawi yodziwika. Chitsanzo chabwino ndi AWARD, bungwe la ku Nairobi limene linayamba mu 2008 pofuna kukweza amayi ochita kafukufuku wa zaulimi, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko amene akhala akutumizako amayi. M'pulogalamu yake yodziwika kwambiri, wosankhidwa amalumikizidwa ndi katswiri wamkulu, wamwamuna kapena wamkazi, kwa chaka chimodzi. Awiriwo amayamba ndi maphunziro a pamodzi, kumene mayiyo amalemba kumene akufuna kukafika ndi masitepe ake, kenako amakumana mwezi ndi mwezi. Pambuyo pake, iyenso amatenga wachinyamata wina n'kuyamba kumulangiza. Mbali yomalizayi ndi yanzeru kwambiri, chifukwa munthu amamvetsa bwino zimene waphunzira akayamba kuzifotokozera wina.

Kwa amayi a bizinesi pali Cherie Blair Foundation for Women ya ku London, imene imalumikiza mayi wa bizinesi ndi mlangizi wa dziko lina, n'kumakambirana pa intaneti pafupifupi maola awiri pa mwezi. Graça Machel Trust inayendetsa pulogalamu ya Women Creating Wealth ku Malawi, Zambia ndi Tanzania. Kuno kwathu kuli NABW, imene Joyce Banda anaiyambitsa mu 1990, ndi COMFWB, bungwe la amayi a bizinesi a m'mayiko a COMESA, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Amayi a sayansi ali ndi OWSD ya ku Trieste, imene imathandiza amayi kuchita PhD, ndipo mainjiniya ali ndi WomEng imene inayambira ku South Africa mu 2006.

Mphamvu ya njira imeneyi ndi dongosolo. Simuchita manyazi kupempha nthawi, chifukwa mlangiziyo analonjeza kale. Pali wina wachitatu woyang'anira, woti mungamuuze ngati zinthu sizikuyenda. Dzina la pulogalamuyo limalemeranso pa CV, ndipo anzanu amene munasankhidwa nawo amakhala anzanu a zaka zambiri.

Kufooka kwake n'kwakuti mlangizi wakutali sadziwa nthaka yanu. Mayi wa ku Manchester angakuphunzitseni bwino kuwerengera mtengo wa katundu, kulekanitsa ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, ndi kulemba ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka. Koma sadziwa kudikira ndalama zakunja ku banki, kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, kuti mupikisane nawo pa matenda a boma, kapena kudikira miyezi kuti boma likulipireni. Mafunso amenewo musungire wa kuno. Ndiponso mlangizi wotere sangakhale nkhoswe yanu, chifukwa kumene dzina lanu likufunika kutchulidwa iye kulibe. Ambiri mwa mapulogalamuwa amafuna Chingerezi ndi intaneti yodalirika, choncho bandulo ndi magetsi muziwerengere. Gwirizanani kuyambira pachiyambi kuti netiweki ikavuta muzizimitsa kamera n'kupitiriza ndi mawu okha.

Chinanso n'chakuti ambiri amayendera ndalama za mabungwe othandiza. Mu 2025, boma la America litatseka USAID, mapulogalamu ambiri mu Africa anaima mwadzidzidzi. Musaike tsogolo lanu lonse pa pulogalamu imene mukuidikira kuti itsegule. Ikatsegula lemberani, koma pakadali pano yambani njira ina.

Makalata ambiri ofunsira malo amagwa pa chinthu chimodzi: cholinga chosamveka. Mayi amalemba kuti akufuna kukhala mtsogoleri ndi kulimbikitsa atsikana. Aliyense walemba zomwezo. Wosankha amafuna kuona mawu ngati awa: ndili ndi zotsatira za kafukufuku wa mbewu ya nandolo wa nyengo ziwiri, ndipo ndikufuna wondithandiza kuzilemba kuti zisindikizidwe pasanathe miyezi 12. Cholinga chotere chimamuuza wosankhayo mlangizi woti akupatseni.

Pa ntchito panu pomwepo

Ngati vuto lanu ndi kukwezedwa, njira imene imagwira kwambiri ndi iyi, ndipo ndi imenenso ili ndi minga yambiri.

Bwana wanu weniweni asakhale mlangizi wanu wamkulu. Iye ndi amene amalemba lipoti la kagwiridwe kanu ka ntchito, ndiye simungamuuze momasuka kuti bajeti imakuvutani kapena kuti mukuganiza zochoka. Funani munthu amene ali masitepe awiri pamwamba panu, makamaka wa dipatimenti ina. Ameneyo amaona kampani yonse, alibe chifukwa chokuoperani, ndipo amakhala nawo pa zokambirana zimene inu simulowa. Bwana wanuyo mumudziwitse, kuopa kuti angamve kwa ena n'kuganiza kuti mukumudumpha.

Unkhoswe suchita kupemphedwa. Palibe wamkulu amene angaike dzina lake pa munthu amene sanaone ntchito yake. Choncho pezani ntchito imodzi imene wamkuluyo akuisamala kwambiri, monga lipoti lopita ku bodi kapena kukonzekera maodita, mudzipereke, muimalize tsiku lisanakwane. Mukatero kawiri kapena katatu, muuzeni mosapita m'mbali chimene mukufuna: mpata wogwirizira udindo ukapezeka, mundiganizire. Amayi ambiri analeredwa kuti kudzitchula n'kudzikweza, ndipo amakhala chete poganiza kuti ntchito yabwino idzaoneka yokha. Wamkulu amene ali ndi anthu 40 pansi pake sangalote zimene mukufuna.

M'boma muli lamulo limene amayi ambiri saligwiritsa ntchito. Gender Equality Act ya 2013 imanena kuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse. Koma lamulo lomwelo limalola kuti chiwerengerocho chisatsatidwe ngati palibe woyenerera. Ndiye kuti mayi amene sanalembere, kapena amene mapepala ake ndi operewera, lamulo silingamunyamule. Mlangizi wabwino wa m'boma ndi amene angakuuzeni zaka ziwiri pasadakhale kuti giledi yotsatira imafuna pepala lanji, kuti nthawi yake ikadzafika mudzakhale nalo m'manja.

Minga yake ndi iyi. Maudindo apamwamba ambiri ali ndi abambo, choncho nkhoswe yanu mwina idzakhala bambo. Abambo ambiri amathandiza ndi mtima woyera, ndipo kuwapewa onse n'kudzimana. Koma miseche ya mu ofesi sichedwa, ndipo mayi akakwezedwa ena amanong'ona kuti ndi chibwenzi cha abwana. Dzitetezeni ndi kachitidwe kanu. Kumanani masana, mu ofesi kapena pamalo poonekera, ndipo nthawiyo ilembedwe pa kalendala ya ku ntchito. Zokambirana ziziyenda pa imelo ya ku ofesi. Mauthenga a usiku muziyankha m'mawa. Wamkulu amene akuumirira kuti mukakambirane ku loji kapena ku malo omwera, ameneyo si mlangizi. Lamulo la 2013 lija limaika kuzunza munthu pomufuna zachiwerewere m'gulu la milandu, chilango chake K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende, ndipo Malawi Human Rights Commission ndi imene inapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa. Zikayamba, musafufute mauthenga, lembani masiku ndi zimene zinanenedwa, ndipo uzani munthu mmodzi wodalirika nthawi yomweyo.

Munga wina ndi woti nkhoswe imagwa. M'makampani a boma, mabwana amasintha, makamaka chisankho chikadutsa, ndipo amene ankadziwika kuti ndi anthu a uje amagwera limodzi ndi ujeyo. Khalani ndi akuluakulu awiri kapena atatu odziwa ntchito yanu, osati mmodzi, ndipo musalowe m'mikangano yawo.

Gulu la anzanu

Amayi a kuno safunika kuphunzitsidwa kuyendetsa gulu. Chipereganyu ndi banki m'khonde zimayenda chifukwa pali tsiku lodziwika, malamulo omveka, ndipo aliyense amadziwa kuti nthawi yake idzafika. Gulu la ulangizi limayenda chimodzimodzi, kungoti chimene chimazungulira si ndalama koma nthawi yomvetseredwa. Bungwe la Lean In la ku America limalimbikitsa timagulu totere ta anthu 8 mpaka 12 okumana mwezi uliwonse. Kwa anthu okhala ndi ntchito, ana ndi maulendo a kumaliro, 6 mpaka 8 ndi okwanira.

Sankhani amayi a msinkhu wofanana pa ntchito koma a makampani osiyana, kuti pasakhale wopikisana ndi mnzake pa udindo umodzi. Kumanani mphindi 90 kamodzi pa mwezi. Mphindi 15 zoyamba aliyense anene chimene analonjeza mwezi watha ndi pamene wafika. Kenako amayi awiri apatsidwe mphindi 30 aliyense: afotokoze vuto lake, ena amufunse mafunso kaye asanapereke maganizo. Zotsalazo aliyense atchule chinthu chimodzi choti achite asanakumanenso.

Pali zinthu zimene gulu lotere limachita bwino kuposa mlangizi aliyense. Mumauzana malipiro enieni, ndipo amene akupita kukakambirana za malipiro amapita akudziwa poyambira. Mumayeserera intavyu, atatu kukhala ngati ofunsa, mmodzi kuyankha. Mumakumbutsana ufulu wanu, monga woti Employment Act imapereka masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, ndiponso kuti kusintha kwa lamuloli mu 2021 kunawonjezera nthawi yoyamwitsa ku ntchito ndi tchuthi cha abambo mwana akabadwa.

Magulu amenewa amafa imfa yofanana. Gulu la WhatsApp limadzaza ndi mavesi a m'mawa, zitenje zogulitsa ndi zopereka za ukwati, mpaka nkhani ya ntchito kusowa polowera. Kapena mamembala amayamba kukongozana, ndipo amene sanabweze amasiya kubwera. Ikani malamulo awiri tsiku loyamba: za malonda ndi ngongole zikhale kwina, ndipo zonenedwa m'gulu zithere momwemo. Dziwaninso malire ake. Nonse muli pa msinkhu umodzi, palibe amene angakweze mnzake. Itanani wamkulu mmodzi miyezi itatu iliyonse kuti adzayankhe mafunso amene mwakonzeratu.

LinkedIn ndi abale akunja

Njira imeneyi imathandiza pa funso limodzi lodziwika bwino, osati pa ubale wa zaka. Namwino amene akuganiza zokagwira ntchito ku Britain amapindula kwambiri akayankhula mphindi 20 ndi Mmalawi mnzake amene anadutsa kale mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, a CBT (mayeso a unamwino a pa kompyuta) ndi a OSCE (mayeso oonetsa luso pochita) mpaka kulembetsedwa ndi NMC, bungwe lolembetsa anamwino kumeneko. Wofuna kulembera Chevening, thandizo la boma la Britain lolipirira maphunziro kumeneko, imene imafuna zaka ziwiri za ntchito, amapindula akawerengeredwa nkhani zake ndi amene anapitako.

Uthenga wongoti "Moni mayi, ndikufuna mukhale mlangizi wanga" kawirikawiri suyankhidwa, chifukwa wolandirayo sakudziwa kuti akuvomera katundu wolemera bwanji. Lembani chonchi: "Mayi, ndine namwino pa chipatala cha boma, ndagwira ntchito zaka 4. Ndakhoza OET ndipo ndikukonzekera CBT. Ndili ndi mafunso awiri okhudza OSCE. Mungandipatseko mphindi 20 tsiku lililonse limene mungapeze mpata mwezi uno?" Ndipo aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama kuti akupezereni ntchito kapena chikalata cha viza kunja, muthaweni.

Zolipira

Mphunzitsi wolipidwa (coach), wothandiza munthu kukwaniritsa zolinga zake pa ntchito, ali ndi malo ake, makamaka kwa mayi amene wangopatsidwa udindo waukulu ndipo kampani ikulipira. Funsani kumene anaphunzira. Satifiketi yoyambira ya International Coaching Federation, yotchedwa ACC, imafuna maola 60 a maphunziro ndi maola 100 ophunzitsa anthu, choncho amene ali nayo sanangodzuka n'kudzitcha mphunzitsi. Gwirizanani chiwerengero cha maulendo ndi cholinga musanalipire. Misonkhano ya m'mahotela yogula tikiti, ya zovala za mtundu umodzi ndi alendo olemekezeka, imalimbitsa mtima ndipo mungapezeko anthu, koma si ulangizi. Woyankhula pa nsanja sadzakufunsani mwezi wamawa ngati munalembera ntchito ija.

Yoyamba ndi iti

M'zaka zitatu zoyamba za ntchito, chosowa chachikulu ndi luso ndi mapepala, choncho bungwe la ntchito yanu ndi wamkulu mmodzi wa pa ofesi ndi okwanira. Pakati pa ulendo, pamene ntchito mukuidziwa koma simukusuntha, musawonjezere alangizi. Funani nkhoswe, ndipo gulu la anzanu likuthandizeni kukonzekera intavyu ndi kukambirana malipiro. Wofuna kusintha ntchito, kuyamba kafukufuku kapena kukuza bizinesi ndi amene amapindula kwambiri ndi mapulogalamu a ndondomeko. Wa kuboma lakutali ayambe ndi gulu la pa foni ndi pulogalamu ya pa intaneti, koma ayesetse kuonekera ku msonkhano wa bungwe lake kamodzi pa chaka. Njira ziwiri pa nthawi imodzi n'zotheka. Zitatu zimayamba kudya nthawi ya ntchito yeniyeniyo, imene ndiyo nkhoswe idzayang'ane.

Njira iliyonse imene mwasankha, ubalewo amauyendetsa ndi wolangizidwa. Pa kukumana koyamba gwirizanani zinthu zinayi: cholinga chimodzi kapena ziwiri, kukumana kangati, njira yolumikizirana, ndi tsiku lomaliza. Ola limodzi pa mwezi kwa miyezi 6 ndi poyambira pabwino. Masiku awiri musanakumane, tumizani mizere itatu: zimene mwachita, pamene pakuvuta, funso lanu. Bwerani ndi chinthu chogwirika, kaya CV, lipoti, kapena kalata imene mukufuna kutumiza, chifukwa uphungu wa pa pepala lenileni umaposa wa m'malere.

Ulemu wathu umene umatisunga ndi umenenso umawononga maubale ambiri otere. Wamng'ono amakhala pamaso pa wamkulu, manja pamiyendo, kuvomera chilichonse ndi "zoona mayi", n'kutuluka osafunsa chimene anabwerera. Wamkulu naye amasanduka namkungwi, kuyamba kulangiza za banja ndi kavalidwe pamene munabwerera za ntchito. Funso lolembedwa pasadakhale limathetsa zonse ziwiri, chifukwa limakupatsani pobwerera mwaulemu: "Mayi, ndisanaiwale, pa funso lija ndinakutumizirani." Ngati uphungu wina simuutsatira, nenani ndi chifukwa chake, kusiyana n'kuvomera kenako n'kuyamba kuzemba mafoni. Musamupemphe mlangizi ngongole, ndipo musamupemphe ntchito pa ulendo woyamba.

Mlangizi akalephera kubwera katatu motsatizana, nthawi alibe, ngakhale mtima ali nawo. Muthokozeni, mupemphe kuti akutchulireni wina. Miyezi 6 ikakwana, khalani pansi muone ngati cholinga chija chatheka. Ngati chatheka, tsekani bwino, ndipo muzimutumizira uthenga kawiri pa chaka kumuuza pamene mwafika. Ngati pali cholinga chatsopano chimene iye angathandizepo, gwirizanani miyezi ina 6 ndi tsiku lake lomaliza.